Mpanda uli apa, malire ali apo

Khasu linagunda chinthu cholimba, mnyamata wokumbayo n'kuima.

Anagwada pansi n'kuyamba kupalasa dothi ndi manja. Kunsi kwa mizu ya kapinga kunaoneka simenti yakale, yakuda bii, pakati pake patatuluka kamutu ka chitsulo chadzimbiri.

Saveya anaimika ndodo yake ya GPS pa kachitsuloko, anayang'ana manambala pa kamakina ka m'manja, anayang'ananso pepala limene analitulutsa m'thumba la malaya.

"Ndi yomweyi," anatero.

Linali Loweruka m'mawa ku Woodlands, m'kamsewu kena kopatuka mu Chindo Road. Ozungulira dzenjelo anali ochepa: mayi wogulitsa nyumba ya malemu bambo ake, mlongo wake, bambo wofuna kugula, ndi mayi achikulire a nyumba yoyandikana, amene anatsegula geti ndi mtima woyera atapemphedwa kuti anthu ayang'ane nawo mbali yawo.

Bikoni, chizindikiro cha pakona ya puloti, sinapezeke pakona ya mpanda. Inali mkati mwa yadi ya mayi achikulirewo, mita imodzi ndi theka kuchokera pakhoma. Pa kamzere ka pakati pa khoma ndi bikoniyo, kotsamira khoma lomwelo, pali kanyumba ka zipinda ziwiri kamene amachititsa lendi. Ndi kamene kamawagulira ufa ndi mankhwala a BP.

"Mwana wanga, mpanda uyu anamanga atate ako pamodzi ndi malemu amuna anga. Iwe unali kusukulu. Manje lero ukuti ndinaba?"

"Iyayi ambuya, palibe wanena kuti munaba. Ndi mapepala chabe."

Bambo wogula uja anali atayamba kale kulowera kumene anaimika galimoto, foni ili kukhutu, akuimbira loya wake.

Nkhani yotere si yachilendo mu Lusaka. Anthu amakhala moyandikana zaka 30, kubwerekana makala ndi mchere, kulira limodzi maliro, popanda wotchulapo za malire. Tsiku limene nyumba yapeza wogula ndi pamene zimadziwika kuti khoma limene onse ankalilemekeza linamangidwa pamalo olakwika.

Mlandu suola, anatero akale. Wa malire umangogona pansi pa kapinga kudikira wogula.

Makoma anabwera mochedwa

Lusaka anakhala likulu mu 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone. Amene anajambula mapulani ake oyamba, Stanley Adshead, ankafuna mzinda wa mitengo ndi maluwa, wa misewu yotakasuka ndi mayadi aakulu. Zabwinozo zinali za azungu. Ridgeway, kenako Woodlands ndi Kabulonga, anadulidwa mapuloti akuluakulu, oyezedwa bwino, chitsulo pakona iliyonse. Anthu akuda ogwira ntchito anaikidwa ku Kabwata m'tinyumba tozungulira tofolera udzu, ndipo tochepa totsala tidakaoneka lero ku Kabwata Cultural Village mu Burma Road.

Masiku amenewo nyumba sizinkabisala. Pakati pa neba ndi neba pankakhala mpanda wa maluwa kapena waya wolekeza m'chiuno.

Mpanda wa maluwa umayenda. Umakulira kumene kuli madzi, wodulira amaudula mbali imene ukumutchinga, wina ukauma amabzala wina pambali pake. Pakatha zaka 20 uli pena.

Umbava utachuluka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, mzinda unayamba kudzitsekera. Munthu akapeza kandalama, choyamba chinali wall fence: mabuloko, mabotolo oswa pamwamba, pambuyo pake waya wa malezala, pambuyo pakenso wamagetsi. Mmisiri sankafunsa pepala lililonse. Ankakoka chingwe potsata maluwa, kapena potsata pamene mwini nyumba waloza ndi phazi. Pakakhala mtengo wa mango, chingwe chinkaupatuka. Neba akadandaula kuti galimoto yake sikwana polowera, mnzake ankangoti sunthirani kuno pang'ono, palibe vuto.

Chomvetsa chisoni n'chakuti bikoni imakhala pamene penipeni pamene mmisiri akufuna kukumba maziko a chipilala cha pakona. Ambiri anaizula n'kuiponya pamulu wa zigumu, osadziwa kuti lamulo la Land Survey Act limaletsa kusuntha kapena kuwononga bikoni. Ena anaikwirira mu konkire. Imene inapezeka ku Woodlands ija inapulumuka chifukwa chakuti khoma linaiphonya.

Palinso chifukwa china chimene makolo athu sankataya tulo ndi mita imodzi. Pa 30 June 1975, Pulezidenti Kenneth Kaunda, atakwiya ndi mitengo imene malo opanda nyumba ankagulitsidwira pakati pa tauni ya Lusaka, analengeza kuti nthaka payokha sidzakhalanso ndi mtengo. Malo amene anthu anali nawo ngati awoawo mpaka muyaya anasanduka a lizi ya zaka 100. Chogulitsa chinatsala nyumba ndi zina zimene munthu wamangapo. Kwa zaka 20 dothi linalibe mtengo pamaso pa lamulo. Ndani akanadana ndi neba wake chifukwa cha kamzere ka dothi lopanda mtengo?

Lamulo la Lands Act la 1995 linatembenuza zonsezo. Nthaka inakhalabe m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Zambia, munthu n'kumapatsidwa lizi yosapitirira zaka 99, koma malo anayamba kugulitsidwa pamtengo wa pamsika. Chaka chotsatira, 1996, boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za khonsolo ndi za boma kwa amene ankakhalamo. Mabanja ambirimbiri ku Kabwata, Libala, Chilenje, Chelstone ndi Woodlands anagona ali alendi n'kudzuka ali eni nyumba.

Anagula nyumba imene ankaidziwa ndi bwalo limene ankalisesa m'mawa uliwonse. Kuitana woyeza malo kuti adzawaonetse pamene akhala zaka zonsezo kukanaoneka ngati kutaya ndalama.

Ogula a nthawi imeneyo ambiri anatisiya, ena akalamba. Amene akugulitsa lero ndi ana awo, mu mzinda umene kalembera wa 2022 anapeza kuti uli ndi anthu opitirira 2.2 miliyoni. Mita iliyonse tsopano ili ndi mtengo wake.

Zimene lamulo limayang'ana

Kumudzi, kaya ndi ku Katete kapena ku Petauke, malire a munda ndi chulu, mtengo wa msuku kapena kamfuleni. Pakabuka mkangano, anyakwawa amaitana akuluakulu amene analipo malowo akugawidwa, ndipo mawu a nkhalamba ndi umboni wokwanira. Ambiri tinabwera nayo m'tauni nzeru imeneyi. Mayi achikulire a ku Woodlands aja sananame ngakhale pang'ono. Analipo khoma likumangidwa, anaphikira amisiri nsima.

Koma pa malo a title, lamulo silifunsa amene analipo.

Limayang'ana title yeniyeniyo ndi diagram imene imamangiriridwa mkati mwake. Diagram ndi tsamba looneka lopanda pake: chithunzi cha puloti, makona olembedwa A, B, C, D, utali wa mbali iliyonse, kukula kwa malo onse, manambala osonyeza pamene bikoni iliyonse yakhala, ndi siginecha yovomereza yochokera ku ofesi ya Surveyor General. Zakale zinalembedwa m'mafiti ndi maekala, zatsopano m'mamita ndi mahekitala. Anthu amasunga title m'sutikesi pansi pa bedi, kuikulunga m'pulasitiki kuopa chiswe, koma tsamba limeneli osalitsegulapo.

Lamulo la Lands and Deeds Registry Act, pa ndime 33, limati title ndi umboni wotsiriza wa umwini. Zimene zingaigwedeze ndi zochepa, monga chinyengo poipeza, kapena malo amene analowa m'menemo molakwika chifukwa malire analembedwa mosayenera.

Ndime 35 ndi imene imaliza anthu. Imati malo akakhala pa title, wina sangawatenge chifukwa chongoti wakhalapo kapena wawagwiritsa ntchito nthawi yaitali. Kaya mwalimapo ndiwo zaka 30, kaya mwamangapo zipinda, mzere wa pa diagram sukusunthani. Chilolezo chapakamwa chimene malemu anapereka chikhoza kukambidwa m'khoti, ndipo woweruza akhoza kuchiganizira poona za chipukuta misozi, koma pachokha sichisintha pepala la ku Ministry of Lands.

Ndimaona kuti lamuloli ndi lofunika, chifukwa popanda ilo mwana wamasiye amene ali kutali akanalandidwa puloti ndi aliyense wolimba mtima. Koma tisabise kuti limapweteka anthu osalakwa, makamaka amayi amasiye amene anasiyiridwa chipangano cha amuna awiri amene onse ali kumanda.

N'chifukwa chiyani zimatulukira pogulitsa?

Njira yogulitsira nyumba ya title mu Lusaka ndi yodziwika. Loya wa wogula amakafufuza ku Lands and Deeds Registry kuti aone dzina la mwini, ngati nyumbayo ili pachikole ku banki, ndiponso ngati wina anaikapo caveat, chenjezo loletsa kusintha dzina. Mbali ziwiri zimasainirana mgwirizano, kawirikawiri potsata mfundo zimene bungwe la Law Association of Zambia linakonza. Wogula amapereka dipoziti. Wogulitsa amalipira ngongole za ground rent, amapempha chilolezo cha boma kwa Commissioner of Lands, n'kukalipira msonkho wa Property Transfer Tax ku ZRA, umene kuyambira January 2025 uli pa 8 peresenti kuchoka pa 5. Pomaliza dzina limasinthidwa m'kaundula.

Pa njira yonseyi palibe pamene munthu amakakamizidwa kukaima pakona ya puloti.

Kaundula amakuuzani mwini wa puloti. Sakuuzani pamene khoma laima. Wowerengera mtengo wotumidwa ndi banki amayang'ana denga, matailosi ndi ming'alu. Ejenti amajambula zithunzi za khitchini. Nyumba ikhoza kugulitsidwa katatu, mapepala onse ali bwinobwino, khoma lili m'yadi ya neba.

Chimene chasintha ndi ogula. Ambiri amene akugula ku Woodlands ndi Kabulonga lero sakufuna nyumba yakaleyo. Akufuna dothi. Adzagwetsa n'kumanga mafulati, maofesi kapena loji, ndipo wojambula mapulani amafuna miyezo yeniyeni asanapite nawo ku khonsolo kukapempha chilolezo chomangira. Mita imodzi ndi theka m'mbali yonse ya puloti ikhoza kukhala malo oimikapo magalimoto a alendi, kapena kusiyana kwa mafulati anayi ndi asanu. Wogula wotere amabwera ndi saveya asanatulutse ndalama yotsala.

Dera lililonse ndi matenda ake

Yendani mu Sable Road, Roan Road kapena Kudu Road ku Kabulonga, muwerenge mageti. Pamene panali geti limodzi pali atatu. Puloti yaikulu inadulidwa pawiri, patatu, ndipo ya kumbuyo imafikiridwa ndi kanjira katali kopanikizika pakati pa makoma awiri. Kanjira kameneko ndiye gwero la milandu yambiri. Ndi ka ndani? Kanalembedwa ngati gawo la puloti ya kumbuyo, kapena mwini wa kutsogolo anangolola kuti anthu azidutsa? Mapaipi a madzi ndi a suweji akudutsa pansi pa yadi ya ndani?

Choopsa kwambiri kumeneko ndi kugula chidutswa chimene sichinadulidwe mwalamulo. Wogulitsa amakuonetsani kachithunzi kojambula pamanja, mumalipira, mumamanga, koma title yaikulu idakali yathunthu m'dzina lake, mwinanso ili ku banki. Tsiku limene inu mukufuna kugulitsa ndi pamene mumazindikira kuti m'kaundula wa boma puloti yanu kulibe.

Ku Kabwata nkhani ndi ina. Mayadi ndi ang'onoang'ono, nyumba zina ndi zogundana, ndipo paliponse pamene panali mpata pamera kantemba, saluni kapena chipinda cha lendi. Tinjira ta kumbuyo, momwe mumadutsa mapaipi a suweji, tina tinamezedwa kalekale ndi makoma a mbali zonse ziwiri. Kumeneko anthu amakanganirana masentimita, chifukwa masentimita amenewo ndi chitseko chotseguka kapena chosatseguka.

Mapepala akenso ndi amitundumitundu. Lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act la 1974 linapatsa makhonsolo mphamvu yotulutsa ma title awoawo m'madera ena, ndi ziphaso zokhalira za zaka 30 m'makomboni ovomerezedwa. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi Urban and Regional Planning Act ya 2015, koma mapepala ake adakali m'nyumba za anthu. Munthu amadzuka m'mamawa kupita ku unduna wa za malo ku Mulungushi House, amaima pamzere, n'kuuzidwa kuti fayilo yake ili ku khonsolo ku Civic Centre. Maofesi awiriwa ali mu Independence Avenue momwemo, koma makaundula awo ndi osiyana, ndipo loya amene wafufuza kumodzi kokha sanamalize ntchito.

Ku Chelstone, makamaka pa mapuloti a pakona ndi oyang'ana misewu ikuluikulu yolowera mu Great East Road, khoma limakonda kutulukira kunja, kudya malo osungira msewu kapena kulowa pansi pa mawaya a ZESCO. Apa neba wanu ndi boma. Palibe wokhala naye pansi kuti akugulitseni kamzereko. Khoma limakhala mpaka tsiku limene makina okonza msewu kapena ngalande afika.

M'tauni mwenimweni, mu Cairo Road, Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way, nyumba zamalonda zimagawana makoma, ndipo wogula amene akufuna kugwetsa yake ayenera kudziwa kaye ngati khoma akulikhudzalo silikunyamulanso denga la sitolo ya mnzake.

Mtima ukatentha

Mlongo wa mayi wogulitsa uja sanafune zambiri. Iye anati pepala lanena, kanyumbako kagwe, khoma lisunthe, wogula asathawe. Anali ndi ana a sukulu ndi ngongole zake, ndipo gawo lake la ndalama za nyumba analiwerengera kale.

Ambiri zikafika apa amathamangira kupolisi kukadandaula kuti neba walowerera malo awo. Apolisi akhoza kuletsa ndewu, koma alibe mphamvu yogamula malire. Khansala ndi atcheyamani a m'dera akhoza kukhazika anthu pansi, koma nawonso sangasinthe diagram. Wina amalemba anyamata ndi nyundo kuti agwetse khoma usiku. Ameneyo amadzipalira mlandu wowononga katundu, ngakhale malowo atakhaladi ake.

Naye neba ali ndi chida chake. Akhoza kupita ku Registry kukaika caveat, chenjezo loti ali ndi gawo pa malowo, ndipo ikangolembedwa, dzina silisinthidwa mpaka iye aichotse kapena khoti lilamule. Lamulo limati woika caveat popanda chifukwa chomveka ayenera kulipira amene waluza chifukwa cha iyo, koma pofika pamenepo malonda amakhala atafa kale.

Milandu ya malo a title imapita ku High Court kapena ku Lands Tribunal, bwalo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995 n'kupatsidwa lamulo lakelake mu 2010, ndi cholinga choti milandu ya malo iziyenda msanga komanso motchipa. Ngakhale zili choncho, mlandu wa malo si wa mwezi umodzi. Pamakhala kuimitsa, kudikira lipoti la oyeza malo, mwinanso apilo. Wogula amene watenga ngongole ku banki sadikira zimenezo. Amafuna dipoziti yake n'kukayang'ana kwina. Ndipo nyumba imene yamveka kuti ili ndi mlandu imatsika mtengo, ma ejenti amauzana.

Chodabwitsa n'chakuti woweruza naye, akafuna kudziwa malire, amatumiza oyeza malo kukafufuza mabikoni omwewo. High Court imathanso kutumiza mbali ziwirizo kwa mkhalapakati kuti zikambirane. Zimene anthu akanachita pa tsiku loyamba amadzazichita patapita zaka, atalipira maloya, osalankhulananso.

Mmene anaithetsera

Ku Woodlands kuja zinthu sizinafike kukhoti, ngakhale zinatsala pang'ono.

Mwana wa mayi achikulire aja, amene amagwira ntchito ku Copperbelt, anakana kukhulupirira saveya wobwera ndi wogula. Anaitana wake. Anachita bwino, ndipo banja logulitsa linachitanso bwino kusakwiya nazo. Saveya wachiwiri anakatenga miyezo yakale ku ofesi ya Surveyor General, anayeza mbali zonse ziwiri zikuonerera, n'kufika pa chitsulo chomwe chija. Kuyambira pamenepo panalibenso wokangana za pamene malire ali. Chotsala chinali choti achite nacho chiyani.

Anakumana pabalaza pa mayi achikulirewo, mkulu wa mpingo ali pakati. Mayi wogulitsa sakanatha kugamula yekha. Bambo ake anamwalira osasiya wilo, ndipo lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limapereka nyumba kwa mkazi wamasiye ndi ana onse pamodzi. Woyang'anira chuma cha malemu sangagulitse nyumba popanda chilolezo cha khoti. Chilichonse chotsitsa mtengo chinkafunika kuti abale onse achimve ndi kuchivomera, ngakhale amene ali kunja, pafoni.

Kugwetsa kanyumba kunali kotheka, ndipo lamulo likanakhala kumbali yawo. Kungotsitsa mtengo n'kusiya zinthu mmene zilili kunali kothekanso, koma kumeneko ndi kupatsira wogula mlandu kuti adzalimbane nawo yekha, kapena ana ake.

Anasankha njira yaitali. Kamzereko kadulidwe mwalamulo ku puloti yogulitsidwa n'kugulitsidwa kwa mayi achikulirewo, mwana wawo alipire pang'onopang'ono. Wogula, amene ankafuna kwambiri mbali ya kumsewu, anavomera mtengo wotsikirapo. Gawo la ndalama linasungidwa ndi loya mpaka mapepala atatha.

Njira imeneyi si yapafupi, ndipo amene akuiganizira adziwiretu. Pamafunika chilolezo cha khonsolo chodulira puloti, ndipo khonsolo ikhoza kukana ngati yotsalayo ichepa kwambiri. Pamafunika kuyeza kwatsopano, ma diagram atsopano ovomerezedwa ndi Surveyor General, chilolezo cha Commissioner of Lands, msonkho wa ZRA pa kamzereko, ndi kulembetsa ku Registry kuti ma title onse awiri agwirizane ndi zimene zili pansi. Inatenga miyezi. Mlongo uja anang'ung'udza njira yonse.

Koma chipangano cha ulendo uno chinalembedwa, chinasainidwa ndi kulowa m'kaundula. Kanyumba ka zipinda ziwiri kadakalipo, alendi ali momwemo.

Mbali ya boma

Sichingakhale chilungamo kuloza chala eni nyumba ndi amisiri okha. Mikangano ina inabadwira m'maofesi: puloti imodzi kupatsidwa anthu awiri, mafayilo kusowa, makada a chipani kudula malo ndi chingwe n'kumagulitsa. Mu 2020 nduna ya maboma aang'ono, Charles Banda, inaimitsa makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe kwa miyezi itatu chifukwa cha nkhani za kagawidwe ka malo kosatsata lamulo. Wogula amene lero amakayikira pepala lililonse ali ndi zifukwa zake.

Zina zikusintha. Dziko lili ndi ndondomeko ya malo imene inakhazikitsidwa mu 2021. Pulogalamu yopereka ma title kwa anthu ambiri, imene boma linagwira ndi kampani ya Medici Land Governance, inafika m'makomboni ambiri a Lusaka. Mu 2023 unduna wa za malo unayambitsa ZILAS, njira yochitira zambiri za malo pa intaneti. Zonsezi zimathandiza kudziwa mwini wa puloti ndi kuchepetsa mizere ku Mulungushi House. Koma kompyuta imasunga zimene zili pa diagram. Khoma limene linamangidwa mu 1992 potsata mtengo wa mango silidziwika kumeneko.

Ndipo makoma atsopano akumangidwa lero lomwe ku Chalala, Ibex Hill ndi Silverest, ambiri mwa njira yakale yomweyo, chingwe ndi phazi.

Amene akuganiza zogulitsa nyumba aitane saveya asanaitane ejenti. Afunse ngati ali ndi laisensi yoyezera malo a title, chifukwa si aliyense wonyamula GPS amene lamulo limamuzindikira, ndipo ofesi ya Surveyor General ndi imene ingatsimikize. Aneba a mbali zonse auzidwe tsiku, akhalepo, aone ndi maso awo. Vuto likapezeka nthawi imeneyo, palibe wogula amene akuwerenga masiku, palibe dipoziti yoti ibwezedwe, ndipo anthu amakambirana mitima ili pansi. Wogula naye aumirire kuti mgwirizano unene poyera kuti ndalama yotsala idzaperekedwa mabikoni akaoneka, ndiponso chimene chidzachitike akapezeka pena.

Ine ndikanakonda kuti zimenezi zisasiyidwe ku nzeru za munthu aliyense payekha. Palibe nyumba ya title ya boma imene imagulitsidwa popanda chilolezo cha Commissioner of Lands, ndipo lamulo la 1995 limapatsa ofesiyo masiku 45 kuti iyankhe. Unduna ukhoza kufuna kuti pempho lililonse la nyumba ya m'tauni lizibwera ndi lipoti la saveya losonyeza kuti mabikoni apezeka ndipo makoma ali pamalo pake, kapena kuti eni ake agwirizana chochita. Ena adzati ndi mtolo wina pa wogulitsa amene akulipira kale 8 peresenti ku ZRA, ndiponso kuti oyeza malo a laisensi ndi ochepa poyerekeza ndi ntchito. Zonsezo ndi zoona. Koma kupeza mabikoni a puloti ya m'tauni imene inayezedwa kale nthawi zambiri ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo mtengo wake ukhoza kugawidwa pakati pa wogulitsa ndi wogula mu mgwirizano womwewo umene amagawanamo zolipira maloya.